Kamera Imene Inatiphunzitsa Kujambula M'maholo a ku Joni

Situdiyo yathu ili m'kachipinda ka lendi ku Rosettenville, kummwera kwa Johannesburg, ndipo timaiyendetsa awiri, ine ndi akazi anga. Pakati pa sabata chimene chimatidyetsa ndi tizithunzi ta pasipoti ta mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali, koma ntchito imene inatidziwitsa kwa Amalawi okhala kuno ku Joni ndi ya Loweruka ndi Lamlungu, pamene timajambula zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mipingo. Miyambo imeneyi imachitikira m'maholo obwereka a ku Turffontein, Yeoville kapena Mayfair, ndipo ambiri mwa maholowo mazenera ake ndi ochepa, mababu ake ndi ofooka, mwinanso magetsi amazima perekaniperekani ali mkati.

Kamera yoyamba ndinaigula ndi ndalama zimene ndinasunga ndikugwira ntchito yosamalira maluwa pakhomo pa munthu wina. Inali yaing'ono yolowa m'thumba, ndipo pabokosi pake panalembedwa kuti ili ndi mamegapikiseli 20, kutanthauza timadontho 20 miliyoni topanga chithunzi chimodzi. Wogulitsa anandiuza kuti nambala ikakula ndiye kuti kamerayo ndi yamphamvu, ine n'kukhulupirira. Panja padzuwa inkajambuladi bwino, moti ndinalimba mtima n'kuvomera kukajambula chinkhoswe cha banja lina lochokera ku Mangochi. Nditatsegula zithunzizo pa kompyuta usiku womwewo, mtima unandipweteka kwambiri. Nkhope zinali zodzaza timadontho tonga mchenga, maluwa a pa zitenje anali atasakanikirana, ndipo aliyense amene ankavina anaoneka ngati utsi. Patapita masiku awiri kunabwera atsibweni ake a mtsikanayo, amene analinso ankhoswe, nayang'ana zithunzizo mwakachetechete, kenaka anati, "Achimwene, makolo ake a mwanayu ali kumudzi ndipo akudikira kuona zimene zinachitika kuno. Tikawaonetsa chiyani?" Ndinawabwezera ndalama zawo zonse, koma mwambowo sukanabwerezedwanso, ndipo mpaka lero nkhaniyo imandikhudza.

Amene ananditsegula m'maso anali bambo wina wachikulire wokonza makamera m'tauni. Anachotsa lenzi pa kamera yaikulu n'kundionetsa kagalasi kamakona anayi kamene kali mkati, kotchedwa sensa, nandiuza kuti pamenepo ndi pamene kuwala kumagwera ndi kusanduka chithunzi. Sensa ya kamera yanga ija inali ya mtundu umene amaulemba kuti 1/2.3-inch, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 6.2 ndi 4.6, kuchepera chikhadabo cha chala chaching'ono. Pa kamalo kameneko anapanikizapo mapikiseli 20 miliyoni, choncho pikiseli iliyonse inali ya mamaikromita 1.2 okha, pamene maikromita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ine wokulira kumudzi ndinazimvetsa pokumbukira munda wa agogo. Munda wa ekala imodzi mukaugawira adzukulu 20, aliyense amakhala ndi ndime yake, koma zokolola sizichuluka chifukwa cha kugawako. Chaka cha mvula yabwino onse amapatako kanthu, koma mvula ikachepa ndime zing'onozing'onozo sizitulutsa n'chitini chomwe. Kuwala ndiyo mvula ya sensa. M'holo ya mdima pikiseli yaing'ono imalandira kuwala kochepa zedi, ndipo kamera ikakweza ISO, nambala yosonyeza mmene ikukuzira kuwala kumene yalandira, kuti chithunzi chioneke, imakuza pamodzi ndi zolakwika zonse, ndiwo mchenga uja umene ojambula amautcha noise.

Tinasunga ndalama kwa miyezi yambiri, akazi anga akuwonjezerapo za ntchito yawo yoluka tsitsi, mpaka tinagula Nikon D700 yogwiritsidwapo kale ntchito. Kamera imeneyi inatuluka mu 2008 ndipo ili ndi mamegapikiseli 12.1 okha, koma sensa yake ndi ya full frame, pafupifupi mamilimita 36 ndi 24, mofanana ndi filimu ya makamera akale. Malo ake ogwira kuwala amaposa a kamera yanga yoyamba pafupifupi ka 30, ndipo pikiseli iliyonse ndi ya mamaikromita 8.45. Anzanga ena atamva kuti ndachoka pa 20 kutsikira pa 12 anandimvera chisoni, koma ukwati woyamba umene tinajambula nayo ku Yeoville unayankha wokha. Ndinaika ISO pa 3200 popanda fulashi, ndipo nkhope ya mkwatibwi inatuluka yosalala, khungu lake lakuda likuoneka mtundu wake weniweni pafupi ndi diresi loyera. Kwa ife mfundo ya khunguyi ndi yaikulu, chifukwa nkhope yakuda imabweza kuwala kochepa poyerekeza ndi nsalu yoyera, ndipo mchenga uja umayamba kuonekera m'mbali zakuda za chithunzi.

Pakapita nthawi ndinaona kuti kunena kuti pikiseli yaikulu ndiyo yabwino nthawi zonse n'kufupikitsa nkhani. Masensa awiri ofanana kukula ndiponso a nthawi imodzi, ina ya mamegapikiseli 12 ina ya 24, amatulutsa zithunzi zosasiyana kwenikweni mukazitsuka pa pepala lofanana, popeza munda ndi womwewo ndipo mvula yagwa yofanana. Chimene chimalamula kwambiri ndi kukula kwa sensa yonse pamodzi ndi lenzi imene ikulowetsa kuwalako. Ndinaphunziranso kuti pikiseli payokha siiona mitundu. Pamwamba pa sensa pali kasefa kamene anakonza Bryce Bayer wa ku Kodak m'ma 1970, ndipo theka la mapikiseli limalandira mtundu wobiriwira, otsalawo n'kugawana wofiira ndi wabuluu. Mitundu yosowa pa pikiseli iliyonse kamera imachita kuwerengera poona mapikiseli oyandikana nayo, n'chifukwa chake kuwala kukachepa maluwa a pa chitenje amawonongeka msanga.

Makasitomala ena amadera nkhawa kuti mamegapikiseli 12 sakwanira chithunzi chopachika pakhoma, ndipo ndimawawerengera pa pepala. Chithunzi cha A4 chotsukidwa pa madontho 300 pa inchi chimafuna mapikiseli 2480 ndi 3508, omwe ndi pafupifupi 8.7 miliyoni, pamene D700 imatulutsa 4256 ndi 2832. Komabe mapikiseli ambiri ali ndi ntchito yake, ndipo kamera yathu yachiwiri, Nikon D3200 ya mu 2012, ili ndi mamegapikiseli 24.2 pa sensa yocheperapo ya APS-C. Akazi anga ndiwo amaigwiritsa ntchito mu situdiyo momwe tili ndi magetsi athuathu, komanso pojambula gulu la amayi a Mvano panja pa tchalitchi, pamene mayi aliyense amadzafuna kuti nkhope yake tiidule payokha n'kuikuza.

Masiku ano mpikisano wathu waukulu ndi mafoni. Mnyamata wina anandionetsa Samsung Galaxy S20 Ultra ya mamegapikiseli 108, nandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, nanga achemwali anga akulipireni chifukwa chiyani?" Ndinamufotokozera kuti mapikiseli a foni imeneyo ndi a mamaikromita 0.8, ndipo foniyo imawaphatikiza 9 kukhala imodzi kuti itulutse chithunzi cha mamegapikiseli 12, nambala yomwe ija ya D700 yanga. Mafoni sindiwanyoza, chifukwa masana amajambula mochititsa kaso, koma ndinamupempha kuti tonse awiri tijambule pamene akwati akulowa m'holo akuvina. Tinatero, ndipo Lolemba lake anabwera yekha kudzasankha zithunzi zathu 30 zoti titsuke. Tinaziika mu envelopu yolimba, iye n'kupita nazo ku Park Station kukapatsira wachibale amene ankakwera basi ya ku Blantyre.