Miyala ya mu impso: kuswa mwala si kuuchotsa

Wiki ino ku kalasi ya urology, maphunziro a matenda a njira ya mkodzo, tinali pa miyala ya mu impso ndi mu njira ya mkodzo, nde ndati ndilembeko zomwe zandikhala m'mutu zisanandithawe, chifukwa mutu umenewu wandigwira mtima kwambiri abale. Anthu ambiri akangomva kuti ali ndi mwala mu impso amaganiza zong'ambidwa, koma masiku ano opaleshoni yotsegula ija ndi ya apo ndi apo, ntchito yaikulu ya dokotala ndi kudziwa kuti mwala uwu ukufunika njira iti.

Si mwala uliwonse umafuna makina ayi. Timiyala tosaposa mamilimita 5 tambiri timatuluka tokha ndi mkodzo, wodwala amangopatsidwa mankhwala a ululu ngati diclofenac, pena amamuonjezera tamsulosin kuti ureter, kapaipi kochokera ku impso kupita ku chikhodzodzo kaja, kamasuke. Komanso mwala wa uric acid umatha kusungunuka ndi mankhwala basi, potassium citrate, umene umachepetsa asidi mu mkodzo, ndipo mwala wa mtunduwu suoneka pa X-ray wamba, umafunika sikani ya CT kapena ultrasound.

Tsono njira yomwe yandidyera nthawi yambiri ndi ESWL, yoswa mwala ndi mafunde amphamvu ochokera kunja kwa thupi popanda kucheka paliponse. Munthu woyamba anathandizidwa mu 1980 ku Munich, ndi dokotala Christian Chaussy ndi anzake, pa makina a Dornier, kampani yomwe inkadziwika ndi zopanga ndege. Makina oyambirira wodwala ankachita kulowetsedwa m'bafa la madzi, pano amangogona pabedi n'kumukhudzitsa kapilo kamadzi pamsana. Makina amagunda mwala ka 2,000 mpaka 3,000 pa ulendo umodzi, ndipo chodabwitsa nchoti kugunda pang'onopang'ono, ka 60 mpaka 90 pa mphindi, kumaswa bwino kuposa kuthamangitsa.

Koma apa nde pagona nkhani. Makinawo amaswa basi, satulutsa kanthu, zidutswa zonse zija ziyenera kutsika zokha ndi mkodzo ndipo zikatsika zambiri nthawi imodzi zimapanikizana mu ureter n'kutseka njira, munthu n'kubweranso ndi ululu woposa woyamba. Mwala ukakhala kumunsi kwa impso zidutswa zimangokhala ngati mchenga wotsalira pansi pa ndowa, chifukwa kuti zituluke zikufunika ziyambe zakwera kaye, nde kachidutswa kotsalako ndi kamene kamadzakula n'kukhala mwala wina. Miyala ina ndi yolimba, ya mtundu wa cystine kapena yomwe pa CT ikuposa 1,000 pa muyeso wa Hounsfield, umene umasonyeza kulimba kwa mwala, imeneyo ESWL imalephera kawirikawiri. Mayi woyembekezera sapangidwa, amene magazi ake sagwirana msanga nayenso ayi. Ine ndikuona kuti wodwala aliyense azimuuza zimenezi poyambirira, asamachoke akuganiza kuti zatha pomwe ulendo wa zidutswa ukungoyamba kumene.

Ureteroscopy ndi yosiyana chifukwa dokotala amauona mwalawo ndi maso. Amalowetsa kakamera kowonda kudzera mu njira ya mkodzo, kudutsa chikhodzodzo, kukwera mu ureter mpaka mu impso, n'kuuswa ndi holmium laser, zidutswa n'kuzikoka ndi kabasiketi kawaya. Nthawi zambiri amasiyamo JJ stent, kapaipi kofewa kothandiza mkodzo kutsika, ndipo odwala ambiri amadandaula nako, kukodza pafupipafupi, magazi pang'ono mu mkodzo. Chimene chimandiopsa ine ndi stent yoiwalika, munthu akapeza bwino osabweranso, kapaipi kaja kamamera miyala yake ndipo kukachotsa kumasanduka ntchito yaikulu kuposa mwala woyamba uja. Tsiku lochotsa lizilembedwa wodwala asanatuluke.

Miyala yoposa masentimita 2, ndi ija yodzadza impso yonse ya staghorn, njira yake ndi PCNL, kuboola kabowo kakang'ono kumsana kolunjika mu impso. Anaiyambitsa ndi madokotala Fernström ndi Johansson ku Sweden mu 1976. Imachotsa bwino kwambiri koma kutaya magazi ndi chiopsezo chenicheni.

China chosafunika kuiwala, munthu wa mwala wotseka njira akabwera thupi likutentha, akunjenjemera, simuyamba ndi mwalawo ayi. Mumayamba mwatulutsa mkodzo wotsekeredwawo ndi stent kapena nephrostomy, kapaipi kotulutsa mkodzo mu impso kudzera kumsana, kumupatsa maantibayotiki, mwala udzaonedwa akachira, apo ayi matenda amalowa m'magazi mwachangu kwambiri.

Nde popeza pafupifupi theka la odwala amadzakhalanso ndi mwala wina pasanathe zaka 10, chidutswa chotuluka chizipita ku labu kuti tidziwe mtundu wake. Wodwala azimwa madzi okwanira kuti azikodza malita 2.5 patsiku, achepetse mchere, koma asasiye zakudya za calcium ngakhale mwala wake uli wa calcium oxalate, chifukwa calcium ya m'chakudya imagwira oxalate m'matumbo isanalowe m'magazi n'kukafika ku impso.