Zimene ndinaphunzira pogogoda pa zitseko za makampani a ku Makata

Kwa zaka zingapo tsopano, mbali ina ya ntchito yanga pa sukulu ya zamalonda imene ndimaphunzitsapo mumzinda wa Blantyre yakhala yopezera ophunzira athu malo okaphunzirako ntchito m'makampani, chimene tonse timangochitchula kuti attachment. Nyengo yake ikayandikira ndinkanyamula envelopu yodzaza ndi makalata osainidwa ndi mkulu wa sukulu, n'kuyamba ulendo wa ku Ginnery Corner, ku Makata, ku Chirimba mpaka ku Limbe, kugogoda khomo ndi khomo ngati wosaka ganyu. Malo ambiri ndinkathera pa benchi yodikirira alendo, kalata ili m'manja, kufikira mlembi atandiuza mwaulemu kuti abwana ali pa msonkhano, ndisiye kalatayo adzandiimbira. Ambiri sankaimba, ndipo ine ndinkabwerera ku sukulu ndikudandaula kuti makampani a kuno alibe mtima wothandiza achinyamata.

Amene anandichotsa maganizo amenewo ndi mayi wina woyang'anira za chuma pa kampani ina yopanga zakudya za m'mapaketi. Anandilowetsa mu ofesi yawo, nandipatsa mpando, koma kalata yanga sanaitsegule. "Aphunzitsi," anatero mayiwo, "inu timakuonani kamodzi pa chaka, ndipo nthawi zonse mumabwera ndi chopempha. Ana anu tikawalandira simubweranso kudzawaona mpaka tsiku losaina mafomu a malikisi. Chibwenzi chanuchi n'cha nkhwangwa, chokoma pokwera." Kenaka anandifotokozera za mnyamata amene tinawatumizira chaka chapitacho. Anali wanzeru ndi waulemu, wodziwa kulongosola mfundo za m'mabuku, koma anali asanaonepo mmene malipiro a antchito amakonzedwera. Sankadziwa kuti msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito wa PAYE uyenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira ndi kuti wa VAT tsiku lake ndi pa 25; sankadziwa kuti pa penshoni wolemba ntchito amaikapo ndalama zosachepera 10 peresenti pamene wantchito amadulidwa 5 peresenti, kapenanso kuti pali 1 peresenti ina yopita ku bungwe la maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA. Kumapeto kwa mwezi, aliyense ali kalikiliki, panalibe wopeza mpata womuphunzitsa, motero miyezi yake yonse inathera pa makina ochitira fotokope ndi pa mzere wa ku banki.

Ndinatuluka mu ofesiyo ndili ndi manyazi, makamaka poganizira kuti m'Blantyre masukulu ndi makampani anayandikana kwambiri. Sukulu ya Polytechnic, imene inayamba mu 1965 ndipo kuchokera mu 2021 ndi yunivesite yoima payokha ya MUBAS, ili m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, pafupi ndi Ginnery Corner pamene palinso Malawi College of Accountancy, ndipo bwalo la chionetsero cha zamalonda la bungwe la amalonda la MCCCI ku Chichiri munthu amafikako wapansi. Sukulu yathu ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi, koma nayonso ili mumzinda womwewu, mmene muli msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Chiyambire pamene NICO inakhala kampani yoyamba kulembetsa pa msikawu mu 1996, makampani monga Illovo, Press Corporation, National Bank of Malawi ndi TNM amatulutsa malipoti a chuma chawo chaka ndi chaka, oti aliyense akhoza kuwawerenga. Komabe ine ndinkaphunzitsa ndi zitsanzo za makampani a ku America ndi ku Britain, amene sadziwa kuthima kwa magetsi kapena kudikira miyezi kuti banki iwapezere madola.

Pa mapangano osainirana pakati pa masukulu ndi makampani, amene timawatcha ma MoU, sindinenapo zambiri. Ndakhalapo pa miyambo yake ingapo: akuluakulu amagwirana chanza, wojambula amajambula, timadya masamusa, ndipo pepalalo limakalowa mu kabati. Siloipa, chifukwa limatsegula khomo, koma palokha silinaphunzitsepo mwana aliyense ntchito.

Zinthu zinasintha mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kampani ya mayi aja imaitanitsa mapepala ndi mapulasitiki okutira katundu kuchokera ku South Africa, choncho mitengo yawo yonse inafunika kuwerengedwanso mwamsanga, pamene mu ofesi yawo munali anthu atatu okha. Ulendo umenewo ndinapita wopanda envelopu. Ndinawapempha kuti vutolo atipatse ife, ophunzira asanu ndi mmodzi a chaka chomaliza aligwirire ntchito ine ndikuwayang'anira, ndipo ntchitoyo iwerengedwe pa malikisi awo. Anazengereza, ndipo chifukwa chake chinali chomveka, pakuti palibe kampani imene imafuna kuti opikisana nayo adziwe phindu limene imapeza pa paketi iliyonse. Tinagwirizana kuti ophunzira asaine kalata yosunga chinsinsi, mayina a ogulitsa zipangizo afufutidwe, ndipo mabuku asatuluke pa geti.

Loweruka loyamba ophunzirawo anavala majasi oyera ndi tizipewa tophimba tsitsi, n'kulowa m'fakitale momwe. Ndimakumbukira mtsikana wina ataima pambali pa makina omata mapaketi, kope lili m'manja, akuwerenga mapaketi ong'ambika amene ankaponyedwa m'dengu, kwinaku akufunsa bambo woyendetsa makinawo kuti zoterezi zimachuluka nthawi yanji. Bamboyo anayankha kuti zimachuluka magetsi akangothima, pamene makina akudikira jenereta ndipo chitsulo chomatira chazizira. Atabwerera ku mabuku, ophunzirawo anapeza kuti ndalama za dizilo wa jenereta zinkalembedwa pamodzi ndi zolipira za mu ofesi, osati pa mtengo wopangira katundu, kotero kuti mtundu wina wa katundu umene unkaoneka wopindulitsa kwambiri unali kungobweza ndalama zake basi. Pa tsiku lofotokoza zimene apeza, mkulu wa kampaniyo anawapanikiza ndi mafunso kwa ola lathunthu. Maganizo a ophunzirawo okweza mtengo nthawi imodzi anawakana, ponena kuti ogula a m'magolosale a ku Ndirande ndi ku Bangwe angathawire kwa ena, ndipo pamenepo ophunzira anga anamva phunziro limene ine sindikanatha kuliika pa bolodi. Koma za dizilo zija anazilandira, ndipo awiri mwa ophunzirawo anaitanidwa kukachita attachment popanda kalata yanga.

Sindikufuna kuti zioneke ngati zonse zinayera. Kalendala ya sukulu siyendera limodzi ndi ya makampani, ndipo kawirikawiri mayeso athu amagwa pa nthawi yomwe iwo akutseka mabuku a chaka. Palinso nkhani ya ndalama ya minibasi ndi ya nkhomaliro, imene ambiri timaipewa pokambirana. Kampani ikapanda kupereka kangachepe, malo aja amathera kwa ana amene makolo awo ali nako kuthekera, kapena amene ali ndi amalume pa kampanipo, pamene mwana wochokera kumudzi amene akukhala kwa achibale amalephera ngakhale atakhoza bwanji. Kwa ife aphunzitsi, ntchito yoyendera makampani siwerengedwa pokweza munthu pa udindo monga mmene amawerengera zofufuza zosindikizidwa, n'chifukwa chake ambiri amaiona ngati yotayitsa nthawi. Ndipo ubale wonse ukatsamira pa munthu mmodzi umakhala wosalimba: mayi aja atapita kukagwira ntchito ku Lilongwe, zinatitengera miyezi kuti amene analowa m'malo mwawo atizolowere, ndipo amene anatitsegulira khomo kachiwiri anali mmodzi mwa ophunzira athu akale.

Tsopano tili ndi kagulu ka anthu a m'makampani, ambiri a iwo ophunzira athu akale, kamene timakumana nako kawiri pa chaka kuti katiuze zimene ana athu akuperewera. Kusintha silabasi yonse kumatenga nthawi, popeza maphunziro ayenera kuvomerezedwa ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, koma kusintha zitsanzo za m'kalasi sikufuna chilolezo cha aliyense, ndipo chaka chino ophunzira anga akuphunzira kusanthula chuma cha kampani pogwiritsa ntchito malipoti a pa msika wathu wa masheya. Ndasiyanso kuthamangira mabanki ndi makampani a mafoni okha, kumene sukulu iliyonse imakaunjikana, ndipo ndayamba kuyendera mashopu a hadiweya ndi magalaja a ku Limbe, amene mabuku awo a ndalama akali m'makope a sukulu. Sabata yamawa ndikupita kwa mwini galaja wina amene wavomera kuti ophunzira atatu amulongosolere kaundula wa zipangizo, pokhapokha ngati afika isanakwane 7 koloko m'mawa ndipo sadzaopa girisi.