Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Usiku umene ndinagona m'hotela ku Durban

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe amalume anga a ku Ntcheu, atapuma ntchito yauphunzitsi, anaganiza zoti ndalama zawo za penshoni zisangothera pa feteleza ndi maliro, koma agule kagalimoto kochitira takisi pakati pa Ntcheu ndi Balaka. Ndalamazo anaziika m'manja mwa ine, osati mwa mwana wobala okha amene tili naye kuno ku Joni. Chifukwa chake sindinena, poti mwini wakeyo amawerenga nawo.

Tinanyamuka Lachitatu usiku, mu February 2016. Madamu anga a ku Randburg, kumene ndinkagwira ntchito ya m'nyumba, anandipatsa masiku awiri, atakwinya nkhope ngati ndapempha impso. Basi tinakwerera pa Park Station cha m'ma 10 koloko, ine ndi asuweni angawo. Ndalama ndinazisokera m'kansalu n'kumanga m'chiuno kunsi kwa siketi, mmene amayi ankachitira akagulitsa mbatatesi ku Tsangano. Ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 570 pamsewu wa N3 sindinaone tulo. Basi itaima pa Harrismith anthu n'kumatsika kukadzithandiza, ine ndinangokhala phee, dzanja lili pamimba. Potsetsereka pa Van Reenen makutu anatseka. Joni ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pomwe pali nyanja, ndiye usiku wonsewo umakhala ukungotsika.

Titatuluka m'basi m'bandakucha, mpweya wa ku Durban unandikuta ngati nthunzi ya mphika wa mbatata. Amene munakhalako ku Nsanje mu October mukudziwa kutentha, koma kumene kuja n'kouma. Uku n'konyowa. Bulauzi inamatirira kumsana dzuwa lisanatuluke n'komwe.

Ena mwina mukudabwa kuti bwanji osangogula galimoto ku Joni komweko, poti n'zambirimbiri. Nkhani yake ndi mtengo. Galimoto zakale zochokera ku Japan zimatsikira padoko la Durban, koma malamulo a dziko lino salola kuti zigulitsidwe kwa anthu a muno. Zimasungidwa m'mayadi otchingidwa, kudikira ogula a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Congo ndi kwina. Ukagula sungangoliza n'kumapita nayo ayi. Imakwezedwa pathiraki yonyamula galimoto mpaka kuchipata cha dziko, kwa ifeyo ku Beitbridge, kenako Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza pomwe a MRA amakudikira ndi msonkho wawo. Mitengo amatchula m'madola. Ife tinafika nthawi yoipa, randi itagwa chigwere kuchokera mu December 2015 pomwe a Zuma anachotsa nduna ya zachuma, a Nhlanhla Nene. Galimoto imene amalume ankailota ndalama zake zinali zitaperewera tisanafike n'komwe.

Tinazungulira mayadi tsiku lonse. Asuweni akugwada kusuzumira kunsi, akununkhiza oyilo, akumenya matayala ndi phazi ngati akudziwa. Cha m'ma 4 koloko tinagwirizana pa Toyota Sienta ina yobiriwira. Koma wolemba mapepala anali ataweruka kale. Akuti tibwere mawa m'mawa. Ine ndinakana kusiya ngakhale randi imodzi popanda pepala.

Zogona tinali titakonza. Mnyamata wina wa kwathu, amene ankakhala ku Durban komweko, anali atalonjeza kuti tikafikire kwa iye. Tinaimba foni yake kuyambira masana: osapezeka. Tinaimbanso, tinalemba pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kokha. Mpaka lero sanapepese, ndipo tikakumana pamaliro amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Muzikumbukira kuti panali pasanathe chaka chichitikire za mu April 2015. Chipolowe chothamangitsa obwera chinayambira ku Durban komweko, cha ku Isipingo. Amalawi anzathu anagona m'matenti pamabwalo a mpira, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kudzawatenga. Mlongo wa mnzanga wa kukwaya anafika kwawo ndi jumbo imodzi yokha, atagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye ife mumsewu tinkalankhulana monong'ona, mawu awiri atatu basi. Kunja kukuda, ndalama za mwini zili m'chiuno, anyamata akutiyang'ana m'makona. Ndinawauza asuweni kuti ine pasiteshoni sindigona.

Kufunsa njira nakonso kunali chintchito. Munthu akuti, "Tsikani ndi West Street." Ukayang'ana chikwangwani chalembedwa Dr Pixley KaSeme. Wina akuti Smith Street, chikwangwani chikuti Anton Lembede. Mayina anasinthidwa, koma pakamwa pa anthu patsala akale. Tinadutsa pamalo amodzimodzi katatu.

Hotela imene tinalowa inali pakati penipeni pa tauni, kufupi ndi msewu wa m'mbali mwa doko umene akale amati Victoria Embankment. Nyumba yayitali, yakalekale, makapeti ake ofiira atayamba kuyera m'njira yopondamo anthu. Ndinaima pakhomo kaye. Ine zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndikulowa m'nyumba zabwino, zoposa hotela imeneyo kutalitali, koma ndinkalowera kukhomo la kukhitchini. Mlonda atanditsegulira chitseko cha galasi n'kunena kuti "takulandirani amayi", ndinacheuka kuti ndione amayi akunenedwawo.

Mtsikana wa pa risepushoni anationa n'kufunsa kuti, "Chipinda chimodzi, bedi lalikulu?"

Asuweni anayamba kuseka. "Mwamva asuweni? Ndalama za bambo tizisunge. Paja chisuweni n'chikwati."

"Inu, musandiyambe. Nkhani imeneyi ikafika kumudzi ndani akaimve bwino?"

Tinatenga zipinda ziwiri, chilichonse R620. Ndinalowa kuchimbudzi kukamasula kansalu kaja, n'kuwerenga ndalamazo manja akunjenjemera. Zinali zanga za m'thumba, osati za galimoto, koma zinandiwawabe. Chaka chimenecho kumudzi kunali njala, mvula itadula, anthu akugona pamizere yogulira chimanga. Ine apa ndikulipira bedi la usiku umodzi ndalama zoti amayi akanadya mwezi. Mtsikana uja anapempha pasipoti. Mtima unagunda, poti pasipoti kuno ikafunsidwa sipakhala zabwino. Anangokopera nambala, n'kundibwezera ndi manja awiri, pamodzi ndi kakhadi koyera. Ndinadikira kiyi. Anati kiyi wake ndi kakhadi komweko.

Chipinda changa chinali pansanjika ya 9. Chikepe chinkalira ngati ngolo yosowa girisi. Chitseko ndinatsegula bwinobwino nditayesa kachitatu. Kulowa, mdima. Kudina switchi, palibe. Kudina ina, palibe. Ndinangoti basi, loadshedding yatipeza, poti chaka chapitacho tinali titaizolowera. Ndinakhala pabedi mumdimamo, thukuta lili kamukamu, mwina mphindi makumi awiri, ndikudandaula kuti R620 yanga yapita pachabe. Kenako ndinazindikira kuti kunsi kwa chitseko kukulowa kuwala kwa m'khonde. Ndinagogoda kwa asuweni. Kwawo kukuwala, TV ikulira, iwo agona chagada ngati bwana.

"Khadi mwalowetsa pakhoma?"

"Pakhoma pati?"

Anabwera, n'kulowetsa kakhadi kaja m'kabokosi kapafupi ndi chitseko. Magetsi onse ng'anii, makina oziziritsa mpweya n'kuyamba kulira. Anaseka mpaka kugwira khoma. Nkhani imeneyi anaifikitsa ku Ntcheu ine ndisanaifikitse, ndiye ndati ndiilembe ndekha.

Magetsi atayaka, chinthu choyamba chimene ndinachita sindicho kusamba kapena kuyang'ana pazenera. Ndinapita pabedi n'kukweza ngodya ya matiresi kuti ndione mmene apindira shiti. Ndinadutsitsa chala pamwamba pa TV. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko cha bafa, pomwe aliyense waulesi amasiya. Fumbi linalipo pang'ono pamwamba pa wadiropu, koma bedi linali loyalidwa ndi munthu wodziwa, ngodya zake zopindidwa ngati envulopu, shiti yokokedwa moti ndalama yachitsulo ikanadumpha. Ine ndimayala mabedi anayi tsiku lililonse kupatula Lamlungu. Kuchipinda kwathu ku Rosettenville tinkagona atatu, ine pamatiresi apansi. Chibadwire changa palibe anandiyalirapo bedi, kupatula amayi ndili mwana, ndipo imeneyo inali mphasa. Ndinaima pamenepo osafuna kuliwononga.

Kenako ndinatsegula katani.

Abale, nyanja ndinali nditaionapo, ya kwathu, ku Salima paulendo wa sukulu. Ndinaonaponso Ilala pachithunzi cha m'buku. Koma chimene ndinaona pazenera limenelo sichinali nyanja yokha, unali mzinda wina woyandama. Pafupi, timaboti toyera ta anthu olemera titamangidwa m'mizere. Kutsidya, magetsi achikasu osawerengeka, makina ataliatali ngati akadyamsonga akunyamula makontena usiku womwewo, kuwasanja pasitima ngati njerwa. Kumanzere kunali sitima ina yopanda mawindo, yongooneka ngati nyumba yosanja yagona chammbali, galimoto zikutuluka m'mimba mwake imodzi imodzi ngati nyerere. Kumbuyo kwa zonsezo, phiri lalitali lakuda limene amati Bluff. Ndinaganiza za mathiraki amene ndinkawaona ndili mwana akudutsa pa Ntcheu, ife tikuwaimika manja. Sindinkadziwa kuti ena mwa iwo ulendo wawo umayambira pamadzi amenewa.

Agogo anga aamuna ankakonda kunena kuti ife Angoni tinachokera kumwera, kufupi ndi dziko la Azulu. Akavala zikopa kukavina ngoma kwa Inkosi Gomani ankati tikukumbuka kwathu. Ndiye ine mdzukulu wawo ndafika kufupi ndi kwathu kwakaleko, ndikuopa kutsegula pakamwa mumsewu. Ndinaseka ndekha pazenerapo, kuseka kosakoma.

Njala inatitulutsa. Pakona panali kashopu ka amwenye, ndipo asuweni anagula chimene amati bunny chow: buledi wodulidwa pakati, wokumbidwa m'kati, n'kuthiramo nyemba zophika ndi curry. Amwenye ku Durban ndi ambiri, makolo awo anayamba kufika mu 1860 kudzalima mizimbe, ndipo tsabola wawo sachita naye masewera. Ine ndimadya kambuzi, koma apa ndinalira misozi. Tinadyera m'chipinda mwanga, nditayala nyuzipepala patebulo kuopa kudetsa.

Tulo sitinabwere msanga. Pakati pa tauni sipagona. Matakisi akuimba mahutala mpaka usiku, wina akukuwa m'Chizulu pansi, botolo likusweka, sitima ikulira kudoko ndi mawu okhuthala ngati ng'ombe yaikulu. Ndinatsamiritsa mpando kuchitseko ngakhale chinali chokiya. Kansalu ka ndalama ndinagona nako m'chiuno momwemo. Koma nditagona, ndinagonadi. Palibe alamu ya 4:30, palibe wondiponda popita kubafa.

M'mawa, m'chikepe, munali azibambo atatu ndi zikwama zawo. Tonse chete, maso pansi. Chikepe chitagwedezeka pansanjika ya 5, mmodzi anangoti, "Amayo, tifera muno." Ndinayankha ndisanaganize: "Musatero bambo, ana akadali aang'ono." Chikepe chonse chinaphulika. Anali a ku Mangochi awiri ndi wa ku Chipata mmodzi, nawonso odzagula galimoto, nawonso anali akunong'ona chifikire. Pa kadzutsa tinakhala tebulo limodzi. Anatilangiza kuti tisalipire tisanaone nambala ya chasisi papepala ndi pagalimoto, ndiponso kuti tijambule batire ndi tayala lapadera, poti zimasinthidwa m'njira. Mmodzi anafunsa woperekera zakudya katatu ngati masoseji ali a nkhumba. Ine ndinadya mazira awiri, tositi, ndi tiyi makapu atatu, n'kukulunga mabanzi awiri m'kapepala. Ndinali nditalipira.

Nditabwerera kuchipinda kukatenga chikwama, ndinapeza mayi wokonza m'zipinda ataima pakhomo ndi kangolo kake ka mashiti ndi matawulo. Anali wamkulu kwa ine, wa imvi pang'ono, mapazi otupa m'masilipasi. Anasuzumira m'kati n'kuona bedi nditaliyala kale, mapilo nditawakutumula, sinki nditaipukuta, zinyalala nditamanga m'jumbo. Anandiyang'ana manja, osati nkhope.

"Sisi, umagwira m'nyumba?"

Ndinavomera.

Anaseka, n'kupita pabedipo n'kukoka mashiti onse ndi dzanja limodzi, kuwaponya m'kangolo. Anati ngakhale uyale bwanji, amayenera kuchotsa zonse, ndiye ndangomuwonjezera ntchito yomasula ngodya zanga. Zipinda zake patsiku zinali 16. Ndinagwira mbali ina ya shiti yatsopano kuti tithandizane. Anandimenya padzanja pang'ono, mwachikondi, n'kundilozera mpando. Ndinakhala pampandopo, chikwama pamiyendo, ndikuonerera munthu wina akuyala bedi. Ngodya ankapinda mosiyana ndi ine, kuyambira kumiyendo, ndipo njira yakeyo ndi imene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero. Potuluka anandiponyera tisopo tiwiri m'chikwama.

Kakhadi tinabweza 8 koloko isanakwane. Mlonda yemwe uja anatsegulanso chitseko, ndipo ulendo uno sindinacheuke. Tinakwera takisi mpaka kuyadi, mapepala a amalume ali m'manja, kansalu kali m'chiuno. Titalowa pageti, pamalo pomwe tinasiya Sienta yobiriwira paja panali pataima galimoto ina.

Zimenezo ndidzafotokoza Lachisanu.