Ndinakana kumulozetsa mfuti mwana uja

Amene timasewera mafilimu otchipa, aja a zilombo, a zigawenga ndi a anthu ophana usiku, tinazolowera kugwira ntchito zinthu zisakukwana. Sitidandaula kuti malo ovalira ndi kuseri kwa galimoto, kapena kuti munthu wojambula mawu ndi yemwenso amayendetsa galimoto ya katundu. Zimenezo tinazivomereza kalekale. Koma zimene zinachitika Lachinayi usiku sabata yathayi sizili m'gulu la zopirira, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo.

Filimu imene tinkajambula ndi ya achifwamba amene atsekereza banja m'nyumba yakutali ndi anthu. Ine ndine mkulu wa achifwambawo. Mbali zotere ndi zimene zandidyetsa zaka zonsezi chifukwa cha nkhope yanga ndi mawu anga a besi, ndipo ndimazisewera ndi mtima wonse. Lolemba tinafika n'kupeza kuti masamba a sikiriputi asinthidwa usiku, ndiye mawu tinkaloweza uku akutidzola. Lachiwiri inali ndewu ya pa masitepe, matiresi amodzi okha oti tonse tizigwerapo. Lachitatu mvula inatilanda theka la tsiku, ndipo madzulo ake ndinakhala nthawi yaitali m'magazi abodza, omata ndi ozizira, osavula chifukwa malaya anali amodzi ndipo gawolo linali lisanathe. Imeneyo ndi sabata wamba, aliyense wa ntchito ino akuidziwa.

Ndimanena izi popanda manyazi, chifukwa ntchito yathu ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1930 ku America, nyumba zoonetsera kanema zinkaonetsa mafilimu awiri pa tikiti imodzi, wamkulu wa anthu otchuka ndi wina wamfupi wotchipa. Makampani ang'onoang'ono ngati Monogram ndi Republic ankakhalira ntchito imeneyo. Kenako m'ma 1950 kunabwera American International Pictures, imene inkayamba ndi dzina la filimu ndi chithunzi choitanira anthu, nkhani n'kudzalembedwa pambuyo. Roger Corman, amene anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 98, ankamaliza filimu m'masiku owerengeka, ndipo m'manja mwake munadutsa Jack Nicholson, Francis Ford Coppola, Martin Scorsese ndi James Cameron asanadziwike. Filimu yotchipa imaphunzitsa munthu kufika atakonzeka, kudziwa pamene pali kamera, ndi kupereka zonse pa ulendo woyamba chifukwa wachiwiri mwina sipakhala. Luso limenelo ndimalinyadira. Chimene sindingavomere ndi chakuti munthu atenge kutchipako n'kukusandutsa chilolezo choseweretsa moyo wa anzake.

Gawo la mfuti linayenera kujambulidwa Lachitatu, tsiku limene katswiri wa mfuti analipo. Mvula itasokoneza, gawolo linasunthidwira Lachinayi usiku. Katswiriyo amalipidwa pa tsiku, ndiye prodyusa, amene amayang'anira ndalama za filimu, anaona kuti kumuitananso ndi kuwononga ndalama. Bamboyo anapita ndi zida zake, monga zimayenera kukhalira. Palibe amene anatiuza. Ine ndinadziwa pamene mnyamata wosamala katundu, yemwenso amasita zovala ndi kunyamula nyali, anabwera kwa ine cha m'ma 3 koloko m'bandakucha ali ndi mfuti ya m'manja yokulungidwa pa nsalu, ndi kabokosi ka makatiriji m'thumba la buluku. Inali revolver yeniyeni, yolemera, yobwerekedwa kwa mnzake wa prodyusa.

Gawolo linali lotere: ndimugwira mtsikana wa m'nyumbamo, ndimuika mfuti pamphumi, kenako ndiisuntha pang'ono n'kuwomba pafupi ndi khutu lake kuti bambo ake aulule pamene pali ndalama. Dayilekitala ankafuna zonsezo pa chithunzi chimodzi osadula, moto wa mfuti uoneke pa tsaya la mwanayo. Mtsikanayo ndi filimu yake yoyamba kupatsidwa mbali yolankhula. Msinkhu wake ndi wa mwana wanga.

Ndinamuuza mnyamata uja kuti atsegule mfutiyo ndione. Anavutika nayo, sankadziwa potsegulira. Anzanga mukudziwa mmene zimayenera kuyendera: katswiri amatsegula mfuti pamaso pa wosewera ndi wothandizira dayilekitala, amawalitsa tochi mu paipi kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu, amaonetsa katiriji aliyense payekha, ndipo amalengeza mokweza kuti mfutiyo ili bwanji asanaipereke. Pano panalibe chilichonse cha izo. Nditakhuthula kabokosi kaja pa tebulo, thupi langa linazizira. Munali ma blank, aja okhala ndi wonga koma opanda chipolopolo, opindidwa kukamwa. Munalinso ena a mutu, ooneka ngati zipolopolo zenizeni. Mnyamatayo anati anauzidwa kuti amenewo ndi ongoonetsera. Ongoonetsera enieni ambiri amakhala ndi kanthu kakang'ono mkati koti ukawagwedeza amalira, kapena amakhala obooledwa pambali. Ndinawagwedeza mmodzimmodzi pafupi ndi khutu. Ena analira. Ena anangoti zii, opanda bowo, ndipo pa anthu onse amene tinali m'chipindamo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatha kunena kuti amenewo ndi chiyani.

Dayilekitala anabwera akuthamanga. "Achikulire, kukucha uku. Tiika ma blank okhaokha, enawo tiwachotsa. Tiyeni tingomaliza."

Ndinamuyankha kuti, "Bwana, mfuti iyi sindiigwira, ndipo mwana uyu sayima kutsogolo kwake. Itanani mwini ntchito, kapena tipeze njira ina."

Anati blank sipha munthu. Mawu amenewo ndi amene anandikwiyitsa kwambiri, chifukwa munthu amene akulamula anthu kugwira mfuti sayenera kukhala mbuli pa nkhani imeneyi. Mu 1984 Jon-Erik Hexum, mnyamata wa zaka 26, anadziika mfuti yokhala ndi blank m'mbali mwa mutu mongocheza pa nthawi yodikira kujambula sewero la pa TV. Mphamvu ya wongayo inaswa fupa la mutu n'kulikankhira ku ubongo, ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Mu 1993 ku North Carolina, Brandon Lee, mwana wa Bruce Lee, anafa ali ndi zaka 28 chifukwa mutu wa chipolopolo chongoonetsera unatsakamira mu paipi ya mfuti osaonedwa, kenako blank n'kuukankha ngati chipolopolo chenicheni. Tsiku limenelo katswiri wa mfuti anali atauzidwa kuti aweruke. Ndipo mu Okutobala 2021 ku New Mexico, Halyna Hutchins, mkulu wa kamera wa zaka 42, anawomberedwa ndi chipolopolo chenicheni chimene chinasakanikirana ndi zongoonetsera pa filimu ya bajeti yochepa, dayilekitala wake n'kuvulala. Wosamala mfuti pamenepo anali mtsikana wa zaka 24 amene anapatsidwanso ntchito yothandiza pa katundu, ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo ena a gulu la kamera anali atanyanyala podandaula za kagwiridwe ka ntchito. Zonsezi ndinamuuza dayilekitala pamaso pa anthu, mawu anga akunjenjemera. Ngakhale m'mfutimo mukanakhala blank yoyera bwanji, kuiwomba pafupi ndi khutu la munthu kukanamuwotcha nkhope, kukanamulowetsa zinyenyeswa m'maso, ndipo khutulo mwina silikanamvanso.

Chimene chinandipweteka koposa ndi mtsikana uja. Anandikoka dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, ine ndilibe vuto, tingojambula. Musawakwiyitse." Ankanjenjemera, koma osati chifukwa cha mfuti. Ankaopa kuti adzatchedwa wovuta ndipo sadzaitanidwanso. Mafilimu athu amakhalira ana ngati amenewa. Nkhope zawo ndi zimene zimaikidwa pa zithunzi zoitanira anthu, kukuwa kwawo ndi kumene kumagulitsa filimu, koma ndi amene alibe mawu pa chilichonse. Lero ndi mfuti, mawa akuuzidwa kuti avule malaya pa gawo limene silinali mu mgwirizano, ndipo amavomera chifukwa akudziwa kuti panja pali anzawo ambiri amene akudikira malo omwewo. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, wakana ndi ine, osati iwe. Ukafunsidwa uzinena choncho."

Prodyusa anadzutsidwa m'galimoto mmene ankagona. Sanafunse n'komwe za makatiriji aja ali pa tebulo. Anayamba ndi kuwerengera ndalama za jenereta, za nyumba imene tinabwereka, za nyali zimene ziyenera kubwezedwa Loweruka. Kenako anati pali anthu ambiri a nkhope ngati yanga, ndipo ndiganize bwino ngati ndikufuna kudzaitanidwanso. Ndinamuuza kuti angathe kundichotsa pomwepo, koma ndisanachoke ndiwauza onse amene angalowe m'malo mwanga zimene zili m'kabokosimo.

Pamenepo mkulu wa kamera, munthu wosalankhulalankhula amene ndagwira naye mafilimu angapo, anatseka diso la kamera n'kukhala pansi pa bokosi lake. Munthu wa mawu anavula zomvera n'kuziika pa tebulo. Mayi wodzola anthu anapita kukaima pafupi ndi mtsikana uja. Palibe amene ananena mawu. Ndagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali ndipo kawirikawiri munthu akakana amakana yekha, anzake akuyang'ana pansi. Usiku umenewo sindinali ndekha, ndipo anthu amenewo ndidzawalemekeza mpaka kalekale.

Gawolo tinalijambula ndi mfuti ya labala imene tinagwiritsa ntchito pa ndewu ya Lachiwiri. Inali m'galimoto nthawi yonseyo. Ndinaigwedeza dzanja ngati yawomba, wothandizira dayilekitala anamenya thabwa kuti mtsikanayo adzidzimuke pa nthawi yake, wa nyali anathwanimitsa kuwala pa nkhope yake. Moto ndi phokoso adzaziika pa kompyuta, monga mmene mafilimu ambiri akuchitira tsopano, makamaka chichitikireni ngozi ya 2021 ija. Mwanayo anasewera bwino kwambiri, misozi yake inali yeniyeni. Kujambulako kunatenga nthawi yochepa kuposa imene tinataya pokangana, ndipo tinamaliza kusanache.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti vuto linali kusowa ndalama. Filimu yomweyi inapeza ndalama zobwerekera drone, kandege kakang'ono konyamula kamera, kuti ijambule denga la nyumba kuchokera m'mwamba, chithunzi cha masekondi ochepa choti chikakongoletse kakanema kakafupi kotsatsira filimuyo. Inapeza ndalama za chithunzi choitanira anthu sikiriputi isanathe n'komwe. Ndalama zimapezeka pa zimene wogula filimu adzaone. Katswiri wa mfuti saoneka pa kanema, matiresi saoneka, kugona mokwanira kwa anthu amene ayendetse galimoto kubwerera kwawo m'mawa sikuoneka, ndiye ndi zimene zimayamba kudulidwa. Ndipo popeza mafilimu ambiri a mtundu wathu amajambulidwa kunja kwa mabungwe a ogwira ntchito, palibe woyang'anira amene angabwere kudzaimitsa ntchito. Zimatsalira kwa wosewera amene wapatsidwa mfutiyo m'manja.

Lachisanu prodyusa sanandipatse moni. Gawo la imfa yanga, limene linali ndi mawu amene ndinawakonzekera bwino, linafupikitsidwa kukhala kungogwa pansi. Ndinagwa bwinobwino monga ndimachitira. Loweruka tinajambula tizidutswa totsala, manja otsegula chitseko, mapazi pa masitepe, n'kulongedza katundu. Malipiro akuti adzabwera wogula filimu akapereka gawo lake, nyimbo imene tonse timaidziwa.

Mlandu wonse unagwera mnyamata uja. Lachisanu m'mawa anauzidwa kuti asabwerenso, ati chifukwa anasakaniza makatiriji n'kuchedwetsa ntchito. Iye sanasakanize kanthu. Anapatsidwa kabokosiko momwemo, ndi munthu yemweyo amene anamuchotsa, ndipo palibe amene anamuphunzitsapo ngakhale kutsegula mfuti. Ndinamuimbira foni Lamlungu. Ankadziimba mlandu, akuti akanapha munthu. Ndinamuuza kuti amene anabwereka mfutiyo ndi kusiya kuitana katswiri ndiye ayenera kusowa tulo. Kenako ndinaimbira katswiri wa mfuti uja n'kumufotokozera zonse. Anakwiya kwambiri kuti dzina lake lili pa mapepala a filimu imene inachita zoterozo iye kulibe, ndipo walemba kalata yoti lichotsedwe. Wavomeranso kumutenga mnyamatayo kuti azimunyamulira zida pa filimu ina imene ikuyamba mwezi wamawa, aphunzire ntchitoyo kuyambira pansi.