Tiyi wa m'nyumba ya oyang'anira nyali ku Cape Agulhas

Mphepo ya ku Cape Agulhas, kum'mwera kwenikweni kwa South Africa, si yocheza nayo. Ndinakulira ku Nkhotakota, mwera ndimaudziwa bwino, koma iyi inandilowa mpaka m'mafupa. Tinanyamuka ku Cape Town Loweruka m'mamawa, anthu anayi m'galimoto ya alamu anga, aliyense atasonkha R300 ya mafuta. Za msewu ndilibe nazo zambiri: N2 mpaka Caledon, kenako Bredasdorp, minda yokhayokha.

Anzanga ankathamangira chithunzi pamalo pomwe Africa amathera, pokumana nyanja za Atlantic ndi Indian. Ine mtima unali pa nsanja yofiira ndi yoyera ija, yomwe nyali yake imachenjeza sitima usiku. Ndinakwera masitepe onse 71. Ndi makwerero oimirira zedi, ndiye amene muli ndi vuto la mawondo kapena mwana kumsana, musayese.

Ndikutsika, manja anali atauma, mano akugundana. Agogo ena achizungu, omwe anakhala pafupi ndi khomo, anandiyang'ana kamodzi n'kuvula mpango wawo waubweya, n'kundifunditsa paphewa osafunsa dzina. Anandilowetsa m'zipinda za m'munsi mwa nsanja, momwe kale munkakhala oyang'anira nyali ndi mabanja awo. Tsiku limenelo munali malo odyera ndi zipinda zosungiramo zinthu zakale. Anaitanitsa tiyi wa anthu awiri. Nditapisa dzanja m'thumba anandigwira pamkono, nati, "Mwanangu, imwa kaye."

Apa m'pomwe ndinamva mbiri ya nyumbayi, ina kwa iwo, ina ndinaiwerenga pazikwangwani. Nyali inayatsidwa koyamba pa 1 Malichi 1849, ndipo poyamba ankayatsira mafuta a mchira wa nkhosa. Tangoganizani, munthu kuchezera usiku wonse, mphepo ikuomba chonchija, kuti moto usazime ndipo anthu osawadziwa asafere pamiyala. Ndalama zina zomangira zinachokera kwa anthu osonkha, ena ali kutali ngati ku India.

Mu 1968 makoma a miyala ya laimu anali atayamba kufumbutuka, nyali n'kusamutsidwira pa nsanja ina yachitsulo. Agogowo anati ali mtsikana ankadutsa pano nyumba ili chete, yopanda moto, ndipo ankamva chisoni ngati pamudzi pagwa maliro. Anthu a m'derali anakana kuti igwe. Mu 1973 inalembedwa kukhala chipilala cha dziko, ndipo a ku Shipwreck Museum ya ku Bredasdorp, nyumba yosungiramo zinthu za sitima zophwasuka, pamodzi ndi khonsolo anatsogolera ntchito yokonza. Nyali inabwerera mwake mu 1988. Zaka makumi awiri akulimbana nazo!

Izi zinandikhudza, komanso zinandipweteka. Ife kusonkha timakudziwa kuposa aliyense. Mnzathu akamwalira kuno ku Joni, gulu la WhatsApp limadzaza tsiku limodzi ndipo thupi limafika kumudzi. Nanga bwanji nyumba zakale za kwathu, za pa boma ndi za pa mishoni, timangoziyang'ana denga likudontha mpaka njerwa zitatengedwa? Sindikunena kuti tili ndi ndalama zotaya. Ndikunena kuti sindinamvepo wina akutiitana kuti tisonkhere nyumba yotere, ndipo inenso sindinaitanepo munthu.

Polowa m'nsanja mumalipira pang'ono, musadandaule nazo, chifukwa nyumba ya m'mphepete mwa nyanja imadyedwa ndi mchere chaka ndi chaka. Tengani juzi yochindikala ngakhale dzuwa likuwala. Mukakhala ndi nthawi yendani cha kumadzulo mukaone chigoba cha sitima ya Meisho Maru, yomwe inaphwasuka mu 1982. Ife tinachionera patali, alamu anali atayamba kale kudandaula za mdima.

Mpango ndinabweza pakhomo. Agogo anaupinda, n'kundifunsa ngati ku Nyanja ya Malawi kulinso nyali zotere.