Momwe ndinasungira mapositala a riferendamu ya 1993

Malume anga anandisiyira mapositala a riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene Amalawi ankasankha pakati pa nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, komanso ena a chisankho cha pa 17 May 1994. Anali opindapinda m'sutikesi, ena atachita chikasu, ena ali ndi dzimbiri la mawaya omangira mapepala.

Pafupifupi aliyense amene anawaona anandilangiza kuti ndikawachititse lamineshoni, monga timachitira ndi masatifiketi. Ndinakana, chifukwa makinawo amamatiriza pulasitiki papepala ndi kutentha komanso guluu, ndipo ikamatirira sichoka popanda kuwononga pepalalo. Akatswiri osunga zolembedwa zakale amatsatira mfundo yakuti chilichonse chimene wachita papepala chizitheka kuchotsedwa m'tsogolo, ndipo ndinayeza njira iliyonse ndi mfundo imeneyi.

Ndinasamba m'manja ndi kupukuta bwinobwino, kenako ndinawongola miyendo ya mawaya aja n'kuwazula pang'onopang'ono. Fumbi ndinalichotsa ndi burashi yofewa. Positala imene inachita chuku ndinaipatula, ndinaiumitsa pamthunzi, n'kuisasira panja nditavala masiki, kuti chukucho chisafalikire kwa anzake.

Kuwongola ndiye kunafuna kudekha kwambiri. Pepala lotsika mtengo limakhala ndi lignin, mankhwala achilengedwe opezeka m'mitengo, amene m'kupita kwa zaka amatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amalichititsa chikasu ndi kuliumitsa mpaka kumathyoka mopindika. N'chifukwa chake sindinakhudze simbi. Ndinafunyulula positala iliyonse mosamala, ndinaiika pakati pa mapepala oyamwa chinyezi, pamwamba thabwa losalala ndi mabuku olemera, ndipo ndinaisiya choncho kufikira itagona yokha. Selotepi yakale imene inali m'makona sindinaimatule, popeza guluu wake anali atalowerera kale; imeneyo ndi ntchito ya katswiri. Mong'ambika akatswiri amamata ndi pepala lopyapyala la ku Japan ndi phala la sitachi ya tirigu, lomwe limasungunuka ndi madzi, koma ine ndinaona kuti ndi bwino kusiya mong'ambikamo osamata, popeza thumba labwino limagwira zidutswa zonse pamalo pake.

Matumbawo ndinaitanitsa kunja, ndipo sanali otsika mtengo. Ndi a pulasitiki yoonekera yotchedwa polyester, amene amagulitsidwa ndi maina a Melinex kapena Mylar. Mapulasitiki ofewa a PVC, aja onunkha akakhala atsopano, ndi osayenera, chifukwa amatulutsa mankhwala amene amamatirira ku inki n'kuinyamula. M'thumba lililonse ndinaika positala imodzi, kumbuyo kwake pepala lopanda asidi lothiridwa calcium carbonate, amene amachepetsa mphamvu ya asidi wochokera m'positalayo. Mbali ziwiri za thumba ndinazisiya zotsegula kuti ndizitha kuitulutsa osaikoka. Mbiri ya positala iliyonse, monga chaka ndi kumene malume anaipeza, ndinailemba ndi pensulo papepala lakumbuyolo, pakuti inki ya bolopeni imalowerera.

Zonse ndinaziika chogona m'bokosi lopanda asidi lalikulu kuposa mapositalawo. Malo oika bokosilo ndinawaganizira kwambiri, chifukwa m'nyumba zathu za malata pamwamba pa wadiropu pamatentha koopsa mu Okutobala, pansi pamakwera chinyezi ndi chiswe, ndipo khoma lakunja limanyowa nthawi ya dzinja. Ndinasankha shelefu yapakati ya kabati ya m'chipinda chamkati. Chinyezi chikapitirira 65 pa 100 alionse chuku chimayamba kumera, choncho m'kabatimo ndinaikamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi ndi kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo mvula ikayamba mu Novembala ndimatsegula bokosilo kawirikawiri kuti ndione ngati mphemvu sizinalowemo.

Achibale ankafuna kuti positala ya nyali ikhale pakhoma pabalaza, ndipo chifuno chawocho ndinachimvetsa, pakuti imawakumbutsa mwini wake. Koma kuwala kumafufutitsa inki, ndipo mtundu ukafufuta subwereranso. Ndinaijambulitsa pa sikana yaikulu, ndinasindikiza ina yofanana nayo yoika m'felemu, ndipo zithunzi za onse ndinazisunga pa kompyuta komanso pa fulashi imene imakhala kwa mlongo wanga.