Tsiku lachitatu pa msewu wa Nakasendo

Ndanyamuka ku Magome m'mamawa nkhungu isanachoke m'mapiri a Kiso, ndipo chikweza chinayamba pakhomo penipeni, chifukwa mudziwu unamangidwa pachitunda ndipo njira yake ndi yoyalidwa miyala. Msewu umenewu wa ku Japan unkalumikiza Kyoto ndi Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, pa mtunda woposa makilomita 530, ndipo unali ndi midzi 69 yogonamo apaulendo. Ankadutsamo amalonda, osenza katundu pamsana, komanso mafumu a m'zigawo amene lamulo la 1635 linkawakakamiza kukhala chaka chimodzi ku Edo, china kwawo. Gawo langa la lero linali la makilomita pafupifupi 8, kukafika ku Tsumago.

M'nkhalango muli mabelu opachikidwa pamitengo yozikidwa m'mbali mwa njira, oti woyenda aziimba pothamangitsa zimbalangondo, ndipo ine sindinadumphe ngakhale limodzi. Nditatsika pang'ono kuchokera pampata wa phiri ndinapeza nyumba yakale yamatabwa, yodetsedwa ndi utsi, momwe bambo wina wachikulire anandipatsa tiyi osatchula mtengo. Anandilozera mitengo ya hinoki n'kundiuza kuti kale olamulira ankaiteteza moopsa, moti anthu ankati wodula mtengo umodzi alipira ndi mutu wake.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi Tsumago. Njanji itafika m'chigwachi apaulendo anasiya kudutsa pano, malonda anafa, ndipo mudzi unayamba kutha. M'chaka cha 1968 eni mudzi anayamba kukonzanso nyumba zawo, kenaka mu 1971 anapangana zinthu zitatu: osagulitsa, osabwereketsa, osagwetsa. Ndayenda mumsewu waukulu kuchokera kumtunda mpaka kumunsi osaona nthambo zamagetsi, ndiponso masana magalimoto saloledwa kulowamo. Ndikuona kuti pangano lotere linali lolemera kwa mabanja amene akanapeza ndalama msanga pogulitsa malo, ndipo ndawapatsa ulemu waukulu chifukwa analisunga kufikira lero.

Madzulo ndadya gohei mochi, mpunga wosinja wowotchedwa pakamtengo ndi kupakidwa msuzi wotsekemera, ndipo tsopano ndikulemba nditakhala pamphasa m'nyumba ya alendo, mapazi akuwawa ndithu. Mawa ndilawirira kulowera ku Nojiri, ngati mvula siigwa usiku uno.